Dzina la Mkazi Wanga pa Lole ya Che Uladi

1

Ine ndine Elliam, wolemba zikwangwani wa ku Balaka. Ngati munatsikapo sitima pa Balaka m'zaka zija nkhondo yaikulu itangotha, ndiye kuti ntchito ya manja anga munaiona, ngakhale simunandipatse moni. Mayina a pa sitolo za amwenye, chikwangwani cha telala, cha nyumba ya tiyi pafupi ndi siteshoni, ngakhale kathabwa koletsa anthu kutayira madzi kuseri kwa msika, zonsezo ndinalemba ndine.

Koma musapusitsike ndi mmene ndikulongololera papepala pano. Cholongolola mwa ine ndi dzanja. Pakamwa ndiye ayi ndithu. Ndikaima pamaso pa munthu amene ndimamukonda, lilime limandilemera ngati bulangete lonyowa. Mkazi wanga Nelia anakandifunsirira ndi mkulu wanga, a Wadson, ine nditaima kumbuyo kwawo n'kumayang'ana zala za kumapazi. Nelia anavomera akuseka, ndipo mpaka lero amati anangondimvera chisoni.

Tinamanga nyumba pamalo pa atsibweni ake, a Samson, kutsidya kwa njanji. Ine ndinali mkamwini, ndipo za mkamwini mukuzidziwa, banja likatha amanyamula zake n'kuona msewu. Zanga zinali zitini za penti ndi maburashi amene ndinkapanga ndekha ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi.

Nelia sanapondeko kusukulu. Panalibe chilembo ndi chimodzi chomwe chimene ankachidziwa dzina. Koma ineyo ankandiwerenga osaphonya. Ndikamalemba pakhonde, ankabwera ndi palafini wotsukira maburashi n'kuima kumbuyo kwanga, manja ali m'chiuno.

"Lero zilembo zanu zakhuta, bambo a Dorica. Taonani mimba zake! Chakusangalatsani n'chiyani?"

Ndipo zinalidi choncho, tsiku limenelo mwana wathu Dorica anali atayamba kuyenda.

Tsiku lina mumva: "Nanga izi zaonda chonchi bwanji, zawerama ngati zikuperekeza maliro? Wakulakwirani ndani?"

"Palibe."

"Pakamwa panu pakuti palibe, koma mwendo wa ichi ukuti alipo."

Umu ndi mmene tinkachezera ine ndi mkazi wanga. Ndikafuna kupepesa, ndinkapendeketsa zilembo kuti zioneke zogwada. Ndikamusowa, ndinkazipatsa michira. Ndikafuna kumuseketsa, ndinkaveka chimodzi kachipewa. Mmwenye ankalandira chikwangwani chake cha sopo ndi mchere osadziwa kuti mwadutsa nkhani za m'banja mwathu.

Kenaka ndinapeza ntchito kwa a boma okonza misewu, yolemba manambala ndi mayina a malo pa miyala ya m'mbali mwa msewu. Kumeneko burashi sivina. Amakupatsa timalata tobowola kale, iwe n'kungosanjika pamwala n'kupaka penti wakuda. Chilembo chilichonse chimatuluka chowongoka ngati msilikali, lero, mawa, mkuja, chimodzimodzi. Ndinazolowera, mpaka zikwangwani za m'tauni ndinayamba kuzilemba mowuma momwemo. Ndinkadzionanso ngati ndatukuka.

Nelia anabwera tsiku lina n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Izi sizilankhula," anatero. Anakhazika palafini pansi n'kubwerera kukajambula maluwa ake a dothi lofiira pakhoma la kukhitchini.

Kuyambira pamenepo sanaimenso kumbuyo kwanga. Ine, chitsiru cha munthu, sindinazindikire kuti m'nyumba mwathu mwati zii.

2

Nkhani inaphulika nyengo yogulitsa thonje. Ndinali nditatha masabata angapo ndikulemba miyala pamsewu wa ku Ntaja, ndipo pobwerera ndinafika pa Liwonde masana, n'kuima kudikira pantoni yowolotsa anthu ndi magalimoto pa Shire.

Mayi wina wogulitsa nsomba anandipatsa moni wodabwitsa.

"A Elliam! Mawondo ali bwanji?"

"Ali bwino, zikomo," ndinayankha mwaulemu.

Amayi onse a pamzerepo anafa nacho chiseko. Ndisanafunse, bambo wina wokonza njinga naye anakuwa: "Mmisiri, agwireni bwino mawondowo, pantoni imagwedeza!"

Ndinadziyang'ana. Kabudula anali wosang'ambika, mawondo anali awiri monga mwa masiku onse. Ndikudabwa choncho, pantoni inakocheza, ndipo inatsika lole ya Che Uladi.

Che Uladi ndikuuzeni. Anali Myao wa ku Ntaja, amene anagula lole yotsala kunkhondo n'kumanyamula anthu ndi thonje pakati pa Ntaja ndi Balaka. Anali wamtali, wa ndevu zometa bwino, kofia yoyera mbee, mawu okoma ngati uchi. Zonse zimene ine ndinalibe, iye anali nazo. Lole inandidutsa n'kuima kuti anthu agule nsomba, ndipo ndipamene ndinaona thabwa lakumbuyo.

Panali zilembo zofiira, za mthunzi wachikasu, zazikulu zoti wakhungu yekha ndiye akanaziphonya:

NELIA WANGA, NDIKAKUONA MAWONDO AMAWOMBANA

Abale anga, dziko linazungulira. Sanali mawu okha ayi. Zilembozo zinkavina. Choyamba chija chinali ndi mchira woyanga pansi pa mzere wonse ngati dzungu, n'kukapindika kumapeto. Zina zinaima chonyang'ama, zina zinatsamirana mapewa, ndipo za m'mawu akuti mawondo zinali ndi miyendo yonjenjemera moti umachita kumva kugogoda kwake. Aliyense wa ku Balaka akanalumbira kuti dzanja limenelo ndi langa. Koma ine thabwa limenelo ndinali ndisanalikhudzepo.

Ndinapita kwa mwini lole.

"Che Uladi, walemba apa ndani?"

"Aa, mmisiri wanga!" Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. "Mukufunsa ine? Si inu nomwe? Ndinakatenga kwanu komwe kuja. Mayi a kunyumba anandilandira bwino zedi."

Khamu linaphulika. Wina anachita kugona pamchenga.

"Chiyambire anthu akungolimbirana lole yanga," anapitiriza Che Uladi, chifuwa chili patsogolo. "Paliponse ndikadutsa akuwomba m'manja. Ntchito mwaigwira, a Elliam."

"Mukudziwa zimene palembedwa?"

"Ine zilembo zanga ndi za kumadarasa, zoyambira kumanja. Zanu zachizunguzi ndimangoona kukongola. Tandiwerengereni, ndimve nane."

Mawu amenewo sindikanatha kuwatchula ngakhale mukanandiloza ndi mfuti. Wokonza njinga uja ndiye anadzipereka. Anatola kamtengo n'kumaloza liwu lililonse, akuwerenga mokweza ngati mphunzitsi, amayi a nsomba akubwereza pambuyo pake.

Che Uladi anavula kofia. "Walahi, a Elliam, ine..."

Sindinadikire. Ndinathamangira pa pantoni, makutu akutentha, ndipo mpaka kutsidya sindinacheuke.

3

Tsopano ndikuuzeni chimene chinandipweteka koposa kusekedwa. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Anali anga.

Tikukonzekera ukwati, ndinamugulira Nelia bokosi lachitsulo losungiramo zovala. Mtima unali utadzaza mpaka pakhosi, ndipo poti pakamwa panali potseka, ndinatsanulira zonse mkati mwa chivundikiro cha bokosilo. Zilembo zovina zija ndinazilemba kamodzi kokha pamoyo wanga, ndipo ndi mmenemo. Bokosilo linkakhala kuchipinda kwathu, kumutu kwa mphasa, kumene ngakhale apongozi sanalowemo.

Ndiye tandiuzani, mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Munthu waona mkati mwa bokosi la mkazi wanga. Walowa kuchipinda kwanga ine ndikupsa ndi dzuwa ku Ntaja. Wawakonda mawu anga, waitana mmisiri wina, kaya wa ku Zomba kaya wa ku Limbe, kuti awakopere pa lole. Zoti sadziwa kuwerenga ndinaziona ngati kuchenjera chabe. Ndipo panali kanthu kenanso kamene ndikuchita nako manyazi kunena. Mchira wa chilembo choyamba uja unali wokongola kuposa wanga. Ndinachita nsanje pawiri, ngati mwamuna komanso ngati mmisiri.

Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa, ndikuyembekeza kupeza mkazi wogwa nkhope. Ndinapeza Nelia akuimba. Anali atavala nsalu yake ya pa Khirisimasi pakati pa sabata, tsitsi atalipesa, nkhope ikuwala ngati wadzola mafuta a botolo lonse. Atandiona anathamanga kudzandilandira katundu, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Mwafika, bambo a Dorica! Mwayenda bwanji? Mwaonako chachilendo pamsewu?"

"Miyala basi."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anandiphera nkhuku. Nkhuku, popanda mlendo! Ndinaidya, chifukwa njala inalipo, koma ntchafu iliyonse ndinkaiona ngati umboni.

Ndikusamba m'manja anadzakhala pafupi, chibwano chili padzanja, maso ali pa ine.

"Palibe chimene mukufuna kundiuza?"

"Palibe."

"Chilichonse? Ngakhale chakalekale?"

"Ndati palibe."

"Chabwino. Ine ndilipo, sindikupita kulikonse." Ananyamula mbale akung'ung'udza kanyimbo.

M'mawa mwake atapita kuchitsime ndinatsegula bokosi. Zilembo zanga zinali momwemo, zikuvina ngati palibe chachitika. Koma m'mphepete mwa chivundikiro munali kadontho ka penti wachikasu, katsopano ndithu. Ndinakhala pansi. Ndiye kuti mmisiri wakubayo anachita kukhala muno, pa mphasa yanga, mwinanso anamwa tiyi m'kapu yanga.

4

Masiku otsatira ndinaona zakuda. Ndikadutsa pamsika, anthu ankagundanitsa mawondo. Onyamula thonje pa siteshoni anapeka nyimbo, ndipo ndivomere kuti inali yokoma. Nkhani imene inkayenda inali yakuti Che Uladi wakonda mkazi wa Elliam, ndipo Elliam, chifukwa chokonda ntchito, wamulembera yekha mnzakeyo mawu ofunsirira. Wina anandifunsa ngati ndingamulemberenso iye, poti naye Nelia amamusirira.

Koma Nelia ankangosangalala. Kuchitsime akuimba, pamtondo akuimba, kutchalitchi mawu ake ankamveka pamwamba pa onse. Amayi anzake ankati mkazi ameneyu manyazi anagulitsa. Ine ndikamuyang'ana mtima unkandiwawa, chifukwa anali asanakongolepo chotero, ndipo ndinkati wamukongoletsa ndi mwamuna wina.

Kumufunsa ndinalephera. Ndinkakonza mawu bwinobwino ndili kumunda, koma ndikafika pamaso pake onse ankabalalika.

Tsiku lina telala anandipatsa thabwa kuti ndimulembere latsopano. Ndinakhala pakhonde, timalata ta boma ndinatiiwala, n'kuyamba kulemba ndi dzanja lokha. Sindinadziwe chimene ndikuchita mpaka ndinamva fungo la palafini kumbuyo kwanga.

"Eee! Zayambanso kulankhula!" Nelia anawomba m'manja. "Koma ndiye zalusa. Taonani minga! Ichi chikufuna kubaya chinzake. Izi ndi nsanje izi, bambo a Dorica, nsanje yeniyeni."

Ananena akumwetulira, ngati wauzidwa nkhani yabwino. Pamenepo ndiye chinandikwana. Ndinaponya burashi pansi n'kulunjika kwa a Wadson, mkulu wanga, amene analinso nkhoswe yanga. Kwa iwo pakamwa pankatseguka.

"Achimwene, kauzeni a Samson. Ine ndatopa. Ndilongedza zitini zanga."

A Wadson anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe, wamufunsa mkazi wakoyo?"

"Iyayi."

"Ndinadziwa. Pokwatira ndinakulankhulira ine, posudzulanso ndikulankhulire ine. Kodi pakamwa pakopo anakupatsira kudyera pokha?"

Koma anapita.

5

Tinakumana m'mawa, pansi pa mtengo wa mango wa a Samson. Milandu ya m'banja imakhala ya ankhoswe okha, koma tsiku limenelo theka la Balaka linapeza chifukwa chodutsira pamenepo. Ena ankati akufuna mbuzi yosochera, ndipo anaifunafuna atakhala pansi.

Tisanayambe kunamveka kulira kwa lole. Anatsika Che Uladi, kofia ili m'manja, ataonda ngati wadwala. Pambuyo pake panatsika mkazi wake, Sakina, amene kwawo amamutcha Abiti Jimu, mayi wamfupi koma woyenda ngati mvula yamkuntho. Analamula mwamuna wake kuti amasule thabwa lija, alisenze, alitsamiritse pamtengo. Che Uladi anachita zonsezo osatsutsa.

"Ine ndabwera kudzamuona Neliayo," anatero Abiti Jimu asanapatsidwe ndi mpando womwe. "Lole imeneyi ndimatsuka ndine. Ndakhala ndikupukuta dzina la mkazi wina ndi manja angawa, kulipukuta mpaka kuwala, osadziwa! Ali kuti?"

"Ndine pano, mayi," anayankha Nelia, atakhala pamphasa mwaulemu, kamwetuliro kake kali pomwepo.

A Samson anakhazika anthu chete. A Wadson anafotokoza dandaulo langa: mawu a m'bokosi la kuchipinda apezeka pa lole, m'bokosimo muli penti watsopano, ndipo mkazi akuimba ngati mkwatibwi. Anamaliza ndi mawu amene ndinawatuma. "Choncho mng'ono wangayu akuti ngati zili choncho, mumumasule. Katundu wake wamanga kale."

Ndinaona kumwetulira kwa Nelia kukuzima. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Mwamanga kale?" anafunsa motsitsa. Ine ndinayang'ana pansi.

Che Uladi anapatsidwa mpata. "Akuluakulu, ine ndinabwera kuno kudzafuna a Elliam kuti andilembere mawu abwino a paulendo, monga amachitira anzanga a malole. Sindinawapeze. Mayiwa anati siyani thabwalo. Ndinasiya, n'kuyenda ulendo umodzi wopanda thabwa, matumba akuchita kugwa. Pobwera ndinapeza lalembedwa. Kuchipinda sindinalowe. Ndinathera pakhonde, ndipo madzi amene anandipatsa ndinamwa chiimire. Walahi, ndikulumbira."

"Nanga analemba ndani, poti mkamwini kunalibe?" anafunsa a Samson.

Kenaka Nelia anaimirira, n'kubwera pamene ndinakhala, n'kusolola burashi imene inali m'thumba la malaya anga. Anaiviika m'beseni la madzi osamba m'manja, n'kupita pakhoma louma la nyumba ya atsibweni ake.

Dzanja lake linatsika, linakwera, linatsikanso. Kenaka linasesereka cham'mbali, ndipo mchira uja unayanga pakhoma lonse n'kukapindika pafupi ndi chitseko. Anauchita kamodzi, osapumira, ngati mmene amajambulira maluwa ake a dothi.

"Ndine," anatero.

Ofuna mbuzi aja anaimirira onse.

"Iwe mwana, sudziwa kulemba," anatero a Samson.

"Kulemba sindidziwa, atsibweni. Koma maso ndili nawo, ndipo maburashi awo ndawatsuka kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa. Ndinatsegula bokosi langa, n'kukopera mmene zilili, mwendo ndi mwendo, mchira ndi mchira."

"Ndiye ukalembe dzina lako pa lole ya mwamuna wanga?" anakuwa Abiti Jimu.

"Sindinkadziwa kuti ndi dzina langa, mayi. Afunseni awa." Anandiloza ndi burashi. "Bambo a Dorica, tsiku la ukwati wathu nditatsegula bokosi ndinakufunsani kuti apa palembedwa chiyani. Munandiyankha kuti chiyani? Auzeni anthuwa."

Chinthu chimenecho ndinali nditachikwirira kalekale, moti pa masiku onse a nsanje aja sichinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

"Ndinati..." Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Ndinati palembedwa kuti Mulungu adalitse ulendo."

Phokoso limene linabuka linathamangitsa nkhuku zonse pabwalo. A Wadson anagwira mutu. Che Uladi anakweza manja kumwamba n'kuyamba kuthokoza Mulungu m'Chiyao. A Samson, munthu wamkulu, anaseka mpaka kutsokomola.

6

Nelia yekha ndiye sanaseke. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Zaka zonsezi, mukachoka, ndinkatsegula bokosi lija n'kumaziyang'ana," anatero. "Ndinkadabwa kuti dalitso likuvina chonchi bwanji, koma ndinkati amuna anga sanganame. Kenaka zilembo zanu zinauma. Munayamba kulemba ngati munthu amene alibe mkazi. Che Uladi atabwera kufuna mawu a paulendo, ndinati dalitso ndili nalo m'bokosi, ndiwapatse. Ndinati mwina mukaziona zikuthamanga pamsewu, dzanja lanu likumbuka."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Ndinamva kuchitsime, amayi akundiseka. Atanditchulira mawuwo ndinagwetsa ndowa. Iwo ankati ndagwidwa ndi manyazi. Manyazi ati? Ine ndinathamangira kunyumba kukatsegula bokosi, ndipo ndinavina ndekha m'chipinda ngati wamisala. Kani munthu uyu anandiuzapo chinthu chotere! Ndinati ndisanene kanthu, abwere, anene yekha. Ndinakupherani nkhuku. Ndinakufunsani bwinobwino. Inu kusiyana ndi kutsegula pakamwa mwasankha kumanga katundu."

Sindinamvepo manyazi ngati amenewo, komanso sindinamvepo chimwemwe ngati chimenecho. Zonse zinabwera pamodzi. Mkazi wanga anali wanga, mmisiri wondiposa uja anali wa m'nyumba mwanga momwe, ndipo ine ndinatsala pang'ono kutaya zonse ziwiri chifukwa cha mantha a mawu ochepa.

"Mkamwini," anatero a Samson, "mlandu watembenuka. Mwana wanga, ukufuna akupepese ndi chiyani? Nkhuku? Mbuzi?"

"Sindikufuna mbuzi. Mawuwa awerenga anthu a pa Liwonde, awerenga a ku Ntaja, aimba onyamula thonje. Ine mwiniwake ndawamva pakamwa pa aliyense kupatula pa amene anawalemba. Awerenge. Akakana, katundu wamanga kale, njira ndi iyo."

Sankaseka. Ndinamudziwa bwino, ndipo ndinaona kuti akunenetsa.

Ndinaimirira. Ndinapita pathabwa paja. Ndipo, abale, kaya mukhulupirira kaya ayi, mawondo anga anayamba kuwombana pomwepo, poyera, kabudula akuchita kugwedera.

"Taonani, sananame!" anakuwa wina kumpanda.

"Nelia wanga," ndinayamba, ndipo zotsalazo ndinazimeza.

"Sindinamve," anatero Nelia.

"Nelia wanga, ndikakuona mawondo amawombana," ndinanena mothamanga, maso ali pa zilembo.

"Musayang'ane thabwa. Thabwalo si mkazi wanu."

Ndinatembenuka. Anali ataima pafupi, burashi ikadali m'manja, misozi ili m'masaya, milomo ikulimbana ndi kuseka. Ndinamuyang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pagulu, ndipo mawu anatuluka okha, aakulu, omveka mpaka kunjanji.

"Nelia wanga, ndikakuona mawondo amawombana. Anayamba tsiku loyamba lija, ndipo sanasiye."

Nthungululu zinalira. Nelia anaphimba nkhope ndi nsalu, n'kunena chamkati: "Kamasuleni katundu uja, musanandichititse manyazi ena."

Che Uladi anasendera kwa ine. "Mmisiri, chonde, fufutani zonsezi lero lomwe. Mundilembere dalitso lenileni."

"Afufute chiyani?" Abiti Jimu analowa pakati pathu. "Mawuwo ndi abwino. Cholakwika ndi dzina. Afufute la Nelia, alembe langa. Ndipo alembe ndi Nelia yemweyu, ndi mchira wake womwewo."

"Koma Abiti Jimu," anadandaula Che Uladi, "mawondo anga sawombana."

"Ayamba lero."

7

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amuna anzanga a pakamwa polemera, ndikudziwa kuti mulipo ambiri. Wina amanena chikondi chake pofolera denga, wina pogula nsalu, wina pokonza mpini wa khasu la mkazi wake. Ine ndinkanena ndi michira ya zilembo, ndipo ndinali ndi mwayi wokwatira munthu wodziwa kuiwerenga. Koma ngakhale iyeyo ankadikira kumva ndi makutu. Musadikire kuti lole ikunenereni, chifukwa lole ikanena imauza dziko lonse, ndipo mudzayenda moyo wanu wonse anthu akukufunsani za mawondo, monga akundifunsira ine mpaka lero.

Ntchito ya miyala ndinaisiya. Masiku ano timalemba awiri pakhonde lathu. Ine ndimalemba mzere, iye amaika michira ndi mithunzi, ndipo thabwa lililonse likatha amandiuza kuti ndimuwerengere mokweza, ngakhale likhale la sopo ndi mchere.

Ndinamuuza tsiku lina kuti, "Mayi a Dorica, dzanja muli nalo kale. Bwanji ndikuphunzitseni mayina a zilembozi, muziwerenga nokha?"

Anapukuta burashi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Dorica mumuphunzitse, adziwe zonse, asadzanamizidwe ngati amake. Koma ine iyayi. Ndikangodziwa kuwerenga, inu mudzatsekanso pakamwa."